Msilikali wa Loweruka ndi Lamlungu

Ndi Lolemba masana, m'mudzi wina wa kufupi ndi doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Agogo akhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, akusankha matemba m'lichero. Njinga yamoto ya kabaza yaima pamsewu, ndipo mdzukulu wawo wamkazi, amene anamaliza maphunziro ku yunivesite ku Zomba chaka chatha, akutsika pang'onopang'ono ngati wamangirira mazira m'chiuno.

AGOGO: Ndi ndani uyo akuyenda ngati bakha wodwala chitopa? Iwe! Mkazi mnzanga! Miyendoyo yatani?

MDZUKULU: Odi, Agogo. Mwaswera bwanji?

AGOGO: Ndaswera, kaya iwe. Koma moni woimirirawu wayamba liti? Kutauni anathetsa mawondo?

MDZUKULU: Pepani Agogo. Ndikagwada pano sindidzukanso mpaka Lachinayi. Ntchafu zonsezi zauma gwa.

AGOGO: Ehe. Tsamira mtengowo undiuze bwinobwino. Ndi wa kuti mnyamatayo?

MDZUKULU: Mnyamata uti?

AGOGO: Amene wakupatsa mayendedwe amenewa. Ine ndinabereka ana asanu ndi atatu, usandinamize. Miyezi ingati?

MDZUKULU: Agogo inu! Si mimba ayi. Ndi perete.

AGOGO: Perete? Kwabwera Pulezidenti ku Zomba ife osamva?

MDZUKULU: Ayi. Ndayamba kukonzekera usilikali. Loweruka ndi Lamlungu lililonse timakumana pabwalo la sukulu ina ku Matawale, anyamata ndi atsikana. Pali bambo ena anapuma usilikali ali sajeni, ndiye amatiphunzitsa kuguba ndi kulimbitsa thupi, kuti tsiku limene a Malawi Defence Force adzalengeze kuti akulemba anthu lidzatipeze tili okonzeka.

AGOGO: Ndiye kuti panopa ndikuyankhula ndi msilikali?

MDZUKULU: Sindinafike. Usilikali weniweni amakaphunzira ku Salima, ku MAFCO, miyezi yambirimbiri osaona kwawo. Zathuzi n'zongodzikonzekeretsa.

AGOGO: Oho. Msilikali wa Loweruka ndi Lamlungu. Nanga adani akabwera Lachitatu, muziwauza kuti abakhala pamthunzi kaye?

MDZUKULU: Musaseke, Agogo, zinthu zake n'zowawa.

AGOGO: Zowawa sizilephera kukhala ndi malipiro. Amakupatsani zingati?

MDZUKULU: Satipatsa. Ife ndi amene timasonkha kangachepe ka sopo wa a Sajeni.

AGOGO: Taima. Ubwerezenso, khutu ili linalowa madzi. Mumasonkha ndalama kuti munthu azikuthamangitsani?

MDZUKULU: Ee, amatiphunzitsa.

AGOGO: Mayo ine, sukulu yawononga ana! Ukanabwera kuno ndikanakuthamangitsa ulere. Mpunga ukayamba kucha, mbalame zimafuna munthu wothamanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo phala ndikanakupatsa. Tandiuza, mumayambira pati?

MDZUKULU: Timadzuka 4 koloko m'mawa, kukadali bii. Timathamanga kuchokera ku Matawale, kudutsa m'tauni, n'kuyamba kukwera msewu wa kuphiri uja wopita ku Ku Chawe. Msewu umenewo, Agogo, umakhotakhota ngati njoka. Ukati wafika, ukupeza kuti kutsogolo kuli chitunda china.

AGOGO: Mukafika pamwambapo mumatengako chiyani?

MDZUKULU: Palibe. Timangotembenuka n'kuyamba kutsika.

AGOGO: Manja lende?

MDZUKULU: Manja lende.

AGOGO: Phiri lonse la Zomba lija, munthu kukwera n'kutsika osatola ngakhale kachikuni kamodzi! Simukumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu?

MDZUKULU: Timakumana nawo. Ena amakhala ndi mwana kumbuyo.

AGOGO: Amati chiyani akakuonani?

MDZUKULU: Amatipatukira, kenako timamva akuseka kumbuyo.

AGOGO: Amenewo ndiwo asilikali. Inu ndinu alendo odzaona malo.

MDZUKULU: Tikatsika ndiye timayamba kuguba. A Sajeni amaima kutsogolo, chifuwa tuu, n'kukuwa: “Atenishoni!”

AGOGO: A Tenishoni ndi ndani? Mnzanu wochedwa?

MDZUKULU: Ayi, ndi lamulo. Kutanthauza kuti aliyense aime njo, zidendene pamodzi, manja m'mbali, maso kutsogolo. Kenako “Lefiti, raiti, lefiti, raiti!” Lefiti ndi kumanzere, raiti ndi kumanja.

AGOGO: Zimenezo n'zofunika digiri?

MDZUKULU: Mukunena inu. Tsiku loyamba atakuwa kuti titembenukire kumanzere, mzere wonse unatembenukira kumanzere, ine ndekha kumanja. Ndinagundana mphuno ndi mnyamata wina wamtali wa ku Chinamwali, khu! Mpaka ndinaona nyenyezi usana.

AGOGO: Ndinanena ine kuti pali mnyamata.

MDZUKULU: Agogo!

AGOGO: Zaka zinayi kuyunivesite, makolo ako kugulitsa mpunga ndi mbuzi, iwe osadziwa dzanja lodyera nsima? A Sajeniwo anati chiyani?

MDZUKULU: Anandifunsa kuti ndinaphunzira chiyani. Nditawauza kuti zachuma, anati n'chifukwa chake kwacha ikungolowera kumene ikufuna. Kenako anandilamula kuzungulira bwalo lonse ndikudumpha chonyonyomala ngati chule, manja kumakutu.

AGOGO: Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Unalimaliza bwalolo?

MDZUKULU: Ndinalimaliza, koma kuchimbudzi ndinkachita kugwira khoma sabata yonse.

AGOGO: Nanga mfuti anakupatsani? Usabwere nayo kuno, nkhuku zanga n'zamantha.

MDZUKULU: Mfuti sangatipatse, ife si asilikali. Aliyense ali ndi mtengo wa bulugama wotalika chonchi. Timaunyamula paphewa, kuutsitsa, kuukweza. A Sajeni amati mfuti ndi mwamuna wako: usamusiye pansi, usamubwereke mnzako, ndipo ukagona akhale pambali pako.

AGOGO: Ndiye wakwatiwa ndi mpini! Koma wasankha bwino, mkazi mnzanga. Ameneyo samwa kachasu, sapita ku zimbowera za asodzi panyanja miyezi itatu n'kubwerako ndi ngongole, ndipo akakutopetsa ukhoza kuphikira nyemba.

MDZUKULU: Chimene chinandiliza ine n'kukwawa. Kuseri kwa bwalolo kuli kadambo. Amatigonetsa chafufumimba m'matope, mtengo uja m'manja, kuyenda ndi zigongono. Ukangodzutsa matako pang'ono, a Sajeni akukuwa kuti wafa kale, adani akuombera. Tsitsi langa lomwe ndinamangitsa ndalama zambiri linatuluka ngati chisa cha mpheta. Mawa lake ndinakameta.

AGOGO: Ndimati mwina kwagwa maliro osandiuza. Matopewo anali ndi misundu?

MDZUKULU: Ayi.

AGOGO: Ndiye ukulira chiyani? Ine ndawoka mpunga ku sikimu ya Likangala kuyambira ndili namwali, madzi m'mawondo, msana wopinda tsiku lonse, misundu ikuyamwa ngati ndili nayo ngongole. Nyanja iyi itauma mu 1968 ndinali kamtsikana, tinkafukula milamba m'matope ndi manja. Itaumanso mu 1995 ndinayenda wapansi mpaka pa chilumba cha Chisi, dengu pamutu, amayi ako aang'ono akundikoka chitenje. Palibe anandiimbira wezulo, palibe anandipatsa mendulo.

MDZUKULU: Koma inu simunaimepo padzuwa osagwedezeka. Loweruka lachiwiri anatiimika njo nthawi yaitali, dzuwa lili paliwombo. Ntchentche inatera pamphuno panga. Kuti ndiithamangitse, chilango. Kuti ndiisiye, ikuyenda ngati ikuyendera munda wake. Ndinayesa kuipemerera ndi mlomo wam'munsi, osatheka. Kenako bwalo linayamba kuzungulira, ndipo ndinangomva anthu akundithira madzi.

AGOGO: Unagwa?

MDZUKULU: Ngati thunthu la nthochi.

AGOGO: Kugwetsedwa ndi ntchentche! Adani akamva zimenezi sagulanso zipolopolo, angobwera ndi dengu la matemba owola. Ife ku chinamwali tinkakhala tsiku lonse maso pansi, anankungwi akutizungulira, anthu akuchita zoseketsa dala kuti tiseke. Ukangoonetsa dzino, waonjezera milandu. Sindinagwe, sindinaseke.

MDZUKULU: Inu ndiye mumapambana pa chilichonse.

AGOGO: Si ine ndekha, ndi magazi. Ukudziwa kuti bambo anga, agogo a amayi ako, anali Mkeyala?

MDZUKULU: Amayi anandiuzapo pang'ono. Keyala ndi KAR, King's African Rifles, gulu la asilikali limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902. Ndiye analembedwa ku Zomba konkuno?

AGOGO: Ku kampu komwe kuja, kumene mukuti ku Cobbe Barracks.

MDZUKULU: Dzinalo ndi la mzungu wina, Alexander Cobbe, amene anatsogolera asilikali a kuno pa nkhondo ya ku Somaliland. Ndipo chipilala cha njerwa chokhala ndi wotchi chija, polowa m'tauni kuchokera ku Blantyre, n'chokumbukira Akeyala amene anafa pa nkhondo. Ngakhale Moyale Barracks ya ku Mzuzu dzina lake linachokera kumalire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a kuno analimbana ndi a ku Italy mu 1940.

AGOGO: Ona, za m'buku umazidziwa, koma dzanja lamanzere ayi. Bambo anga anakwera sitima ya pamadzi, nyanja yake yoti Chilwa yathuyi ndi chithaphwi. Anakafika ku Burma, kukamenyana ndi Ajapani m'nkhalango, mvula ikugwa osaleka. Ankati munthu wa ku Japan anali asanamuonepo, sanamubere nkhuku, sanamulande mkazi, koma anauzidwa kuti ameneyo ndiye mdani.

MDZUKULU: Imeneyo inali 1944. Anabwerako ndi chiyani?

AGOGO: Jombo, chikhoti chachikulu, chifuwa chosatha, ndi beni.

MDZUKULU: Beni gule uja?

AGOGO: Gule amene uja. Ukuganiza kuti anachokera kuti? Anthu anaona azungu akuguba ndi bandi yawo, malipenga ndi ng'oma, nati ifenso tingathe. Anasoka mayunifomu a khaki, n'kudzipatsa maudindo okhaokha. Wina kaputeni, wina sajeni, wina mfumu yeniyeni. Bambo anga m'mudzi anali munthu wa ukonde umodzi, koma pabwalo la beni anali mkulu wa asilikali, mamendulo pachifuwa ngwe ngwe, ena enieni, ena a zitsekerero za mabotolo. Wezulo ikalira, phazi linkamenya pansi fumbi kobo, amayi akuyimba, nthungululu zili pakamwa. Ndiye zanu za ku Matawalezo ndi beni wopanda ng'oma. Mwachotsa chokoma, mwasiya chowawa.

MDZUKULU: Kuguba si gule, Agogo. Kuli ndi malamulo ake. Taonani ndikuonetseni abautani, kutembenuka kuyang'ana kumene wachokera. Aaa, mayo, ntchafu! Chabwino. Umatere, kenako umatere.

AGOGO: Wayambira phazi lolakwika.

MDZUKULU: Mwati bwanji?

AGOGO: Ndati wasokoneza. Abautani amatembenukira kumanja. Umazungulira pa chidendene cha kumanja ndi zala za phazi lamanzere, kenako lamanzerelo n'kulibweretsa pa linzake, pha! Ndipo manja sakupiza ngati nkhuku yothiridwa madzi. Gwira licheroli.

MDZUKULU: Agogo, msana wanu!

AGOGO: Msana ndi wanga. Ona. Atenishoni! Abauuu-tani! Wani, thu! Waona?

MDZUKULU: Ha! Agogo! Si inu mumafunsa kuti a Tenishoni ndi ndani?

AGOGO: Ndimafuna ndione ngati ndalama za sopo zikugwira ntchito.

MDZUKULU: Munaphunzira kuti zimenezi?

AGOGO: Ukuyesa kuguba kwayamba ndi iwe? Nthawi ya a Kamuzu kunali apayoniya. Ikayandikira Youth Week, ankabwera kudzatigubitsa pabwalo la sukulu, atsikana mzere wathu, anyamata mzere wawo. Tikatha kuguba tinkapita kukalambula misewu ndi kukonza milatho. Ine ndinali kutsogolo kwa mzere chifukwa phazi langa silinkaphonya. Msuweni wanga wina mpaka anapita ku Nasawa, kukaphunzira upayoniya weniweni.

MDZUKULU: Malawi Young Pioneers. Tinawerengapo. Inayamba mu 1963, ndipo alangizi ena anachokera ku Israel. Nasawa ija pano ndi sukulu ya ntchito zamanja.

AGOGO: Ndipo ife tinkaguba titavala madiresi. Buluku lako lamawangamawangali ukanavala nthawi imeneyo, ukanagubira kupolisi.

MDZUKULU: Lamulo la kavalidwe la 1973. Akazi osavala buluku kapena siketi yaifupi, amuna osasunga tsitsi lalitali.

AGOGO: Linachoka ndi matipate. Ndiye usamayende modzitukumula ngati iwe ndiwe mkazi woyamba kumenya phazi pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife sitinkasonkha za sopo.

MDZUKULU: Nanga bwanji simunandiuzepo zaka zonsezi?

AGOGO: Chifukwa nkhani yake mathero ake si okoma. Khala pansi, ngakhale chotambalala. Apayoniya poyamba ankaphunzitsa ulimi. Mizere yowongoka, kubzala pa nthawi yake, kusunga nthawi. Kumasikimu a mpunga kuno analiko. Anthu tinkati ana awa atithandiza. Koma pang'ono ndi pang'ono, iwo ndi anyamata a chipani a malaya ofiira aja anasanduka oima pazipata. Pamsika, pokwera basi, funso linali limodzi: khadi ya chipani ili kuti? Ukhale ndi matemba abwino bwanji, wopanda khadi sulowa. Mwana woti unamuona akuyamwa, akukuloza ndi chala, iwe mayi wamkulu n'kumanjenjemera.

MDZUKULU: Ndipo anali ndi mfuti zenizeni.

AGOGO: Zenizeni, osati bulugama. Mpaka zinafika pomaopedwa kuposa apolisi.

MDZUKULU: Mapeto ake ndikuwadziwa. Anthu atavotera matipate pa referendamu ya pa 14 June 1993, mu December chaka chomwecho apayoniya anapha asilikali ku Mzuzu. Asilikali anakwiya n'kuyamba kuwalanda zida m'makampu awo onse. Ndiyo ija ankaitcha Operation Bwezani. Ambiri anathawira ku Mozambique.

AGOGO: Kutsidya kwa nyanja yomweyi ndi Mozambique, ukudziwa. Anthu amene dzulo lake ankagwedeza msika ndi diso lokha, anavula mayunifomu n'kuwabisa. Msuweni wanga uja anakhala chaka chonse osafika pamsika, kuopa maso a anthu. Phazi lake linali labwino kuposa langa. Chimene sanaphunzire ndi kufunsa kuti amene akukuwa lefiti raitiyo akutipititsa kuti.

MDZUKULU: Koma msilikali safunsa, Agogo. A Sajeni amati lamulo ndi lamulo.

AGOGO: Pabwalo usafunse, ungazungulirenso ngati chule. Koma mumtima uzidziwa kuti yunifomu ndi ya ndani. Nsalu imeneyo amagula ndi anthu a matemba ngati ine, ndi msonkho wa pa sopo ndi mchere. Tsono ndikufunse, mkazi mnzanga. Digiri uli nayo. Bwanji osakhala mu ofesi, pampando wozungulira, n'kumatitumizira shuga?

MDZUKULU: Ofesi yake iti? Chaka chatha chonse ndalemba makalata ofunsira ntchito, envelopu ndi envelopu, nsapato mpaka kutha chidendene. Yankho lake zii. Anzanga ena akugulitsa kaunjika, ena ali pamzere wa pasipoti kufuna ku Joni. Sindikubisirani, poyamba ndinkangofuna ntchito ya malipiro a pamwezi.

AGOGO: Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga pambuyo pake?

MDZUKULU: Mukukumbukira namondwe wa Freddy, mu March 2023?

AGOGO: Ndingaiwale? Madzi a m'mitsinje yonse anathera muno, minda inasanduka nyanja. Nyanja yopanda potulukira ngati iyi ikakhuta imabwera kudzagona m'nyumba zathu.

MDZUKULU: Nthawi imeneyo asilikali ndi amene ankafukula anthu m'matope ku Chilobwe, n'kumawolotsa ena ku Phalombe ndi ku Mulanje kumene milatho inakokoloka. Ife ophunzira tinapita kukapereka zovala pa kampu ina ya anthu othawa madzi. Ndinaona mtsikana wa msinkhu wanga, yunifomu ili matope okhaokha, atabereka gogo wina ngati inuyo kumutsitsa m'galimoto. Gogoyo ankangoti mwanangu, mwanangu. Chithunzi chimenecho sichinandichoke. Nthawi imene ndikukwawa m'kadambo kaja, ndimakumbukira iyeyo.

AGOGO: Gogo ngati ine? Ine sindiberekedwa, ndimayenda ndekha. Koma pamenepo wayankhula. Ndiye akazi amawalola ndithu?

MDZUKULU: Anayamba kuwalemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pano alipo ambiri, ena ndi maofesala, ena amapita kunja kukasungitsa mtendere. Mu 2013 asilikali athu anapita kukagwira ntchito ku Congo pansi pa United Nations, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, kenako anatumizidwa kudera lotchedwa Beni.

AGOGO: Kudera lotchedwa chiyani?

MDZUKULU: Beni.

AGOGO: Hede! Ndiye ukuti kuguba si gule? Anthu akwera ndege kukavina beni kwawo kwa beni! Bambo anga akanamva akanapempha tikiti.

MDZUKULU: Dzina lokha, Agogo. Kumeneko kulibe nthungululu. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kumeneko pomenyana ndi zigawenga. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Mnzakeyo anachira, iye sanabwerere wamoyo. United Nations inamupatsa mendulo yaulemu atamwalira kale.

AGOGO: Mmm. Anali ndi amake ameneyo.

MDZUKULU: Aliyense ali ndi amake.

AGOGO: Ndiye ukundiuza kuti ndikulere, ndikutafunire mbatata uli wakhanda, kuti ukagone m'nkhalango za eni?

MDZUKULU: Si onse amapita, ndipo ambiri amabwerako. Komanso nyanja iyi yadya asodzi angati, Agogo? Kolera wa ku zimbowera watenga angati? Simunaletse amalume kukwera bwato.

AGOGO: Pakamwa ndiye pako, unatengera ine. Amayi ako akuti chiyani?

MDZUKULU: Akuti ndidzasowa banja. Akuti palibe mwamuna angafunsire mkazi wodziwa kuombera.

AGOGO: Amenewo ndi amuna oyenera kuwasowa. Wobwera adzakhala waulemu, ndipo mbale azitsuka yekha. Agogo ako aamuna anandifunsira atandiona ndikuguba kutsogolo kwa mzere, ndipo zaka zonse zimene tinakhala limodzi sanayerekeze kukweza dzanja. Ankadziwa kuti abautani ndikhoza kumuchititsa ndi mthiko.

MDZUKULU: Ndiye mwandilola?

AGOGO: Ndani wakuuza? Ndikadaganiza. Choyamba, a Sajeni akowo ukawauze kuti kuli gogo ku Kachulu amene akufuna theka la ndalama za sopo, chifukwa abautani wakuphunzitsa ndi ine. Chachiwiri, munthu wina akadzakuuza kuti upereke ndalama kuti dzina lako lilowe pa mndandanda, udzatembenuke abautani yemweyo n'kubwera kuno. Mbuzi zanga sizigulira munthu yunifomu.

MDZUKULU: Ndamva.

AGOGO: Chachitatu ndi chachikulu. Akadzakutenga ku Salima, n'kukupatsa jombo ndi mfuti yachitsulo, tsiku lina udzaima pamsewu kapena pachipata, ndipo kutsogolo kwako kudzabwera mayi wosenza dengu, wopanda nsapato, wosadziwa Chingerezi. Udzamuyang'ane bwino. Ameneyo ndi ine. Ukadzamukuwira, wandikuwira ine, ndipo ndidzamva ngakhale ndili kumanda.

MDZUKULU: Sindidzaiwala, Agogo.

AGOGO: Aja a makhadi nawonso ankatero. Tiona. Tsono mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita ukayese mwayi wako. Koma maphunziro ako a Loweruka ndi Lamlungu ndi operewera. Sabata ino uli kuno, ndikuonjezera a Lolemba mpaka Lachisanu.

MDZUKULU: Agogo, ine ndabwera kudzapuma. A Sajeni anati thupi limafuna kupumula kuti minofu ikule.

AGOGO: A Sajeni ali ku Matawale. Pakhomo pano kaputeni ndine. Mawa 4 koloko yako yomweyo tikupita kudoko kukadikira mabwato. Dengu la matemba usenza ndiwe, ndione ngati phiri la Zomba linakuphunzitsa kanthu. Tikabwerako, kumunda. Matope a kumeneko ndi aulere, misundu ndi yaulere.

MDZUKULU: Nanga lero?

AGOGO: Lero ndi tsiku lolandira alendo, ndikuchitira chifundo. Atenishoni!

MDZUKULU: Agogo, ntchafu!

AGOGO: Wafa kale, adani akuombera! Imirira njo. Chidebe icho chili pakhonde. Mjigo wapafupiwu madzi ake ndi amchere, upite wa kuseri kwa tchalitchi. Ukatuluka pachipata ukhotere kumanzere.

MDZUKULU: Kumanzere. Chabwino.

AGOGO: Iwe! Uko n'kumanja, ukulowera kukhola la mbuzi! Dzanja losadyera nsima, mkazi mnzanga, losadyera nsima! Ehe, kumeneko. Lefiti, raiti, lefiti, raiti! Ndipo ufulumire, moto ndasonkha kale. Msilikali wosatunga madzi sadya nsima pakhomo pano.